MALEMBA A CIKOREA ATENGA SABATA, CINENERO CITENGA ZAKA

Caka ndi caka anyamata ndi atsikana zikwizikwi a ku Nepal, Vietnam, Cambodia, Sri Lanka, Indonesia ndi maiko ena a ku Asia amalemba mayeso a cinenero ca Cikorea. Ambiri mwa iwo ndi ana a alimi, ndipo cimene afuna ndi nchito ya m'mafakitale, m'mafamu ndi m'zombo za asodzi ku South Korea. Mu 2004 boma la dzikolo linakhazikitsa dongosolo lolembera anchito ocokera kunja, ndipo wofuna kulembedwa ayenera kukhala wa zaka 18 kufikira 39 ndi kupambana mayeso ochedwa EPS-TOPIK, amene ayesa kuwerenga ndi kumva. Malo ndi ocepa, ofuna ndi ambiri. Mu Disembala 2023 anyamata awiri anafa mu mzinda wa Lalitpur ku Nepal pamene apolisi analimbana ndi khamu la anthu amene anali kufuna kuloledwa kulemba mayesowa.

Maiko onse a m'panganoli ndi a ku Asia. Zambia mulibe, cotero munthu amene angafike pamudzi kudzasonkhetsa ndalama ponena kuti adzalembetsa ana a anthu m'dongosolo limeneli ayenera kufunsidwa bwino lomwe.

Kusowa cinenero m'dziko la eni ndi tsoka lalikulu. Mu 1993 mai wina wa ku Nepal amene anali kugwira nchito m'fakitale ku Seoul analowa m'kanyumba kogulitsa cakudya nadya, koma pofuna kulipira anapeza kuti ndalama zake zataika. Mwini malo anaitana apolisi. Popeza nkhope yake inali yofanana ndi ya anthu a ku Korea, ndipo mau ake sanali kumveka, anamuyesa Mkorea wodwala misala. Anasungidwa m'zipatala za odwala misala zaka 6 ndi miyezi 4, kufikira mu 2000. Mlandu unali wa akulu-akulu amene sanafune kumvetsera, osati wa maiyo ai, ndipo katswiri wa mafilimu Park Chan-wook anaonetsa nkhaniyi mu 2003 kuti dziko lake licite manyazi. Komabe nkhaniyi ionetsa kuti mlendo wopanda mau alibe comutetezera.

Ciyambi ca Cikorea cimanyenga ambiri cifukwa ndi cosavuta. Malemba ake, ochedwa Hangul, anapangidwa ndi Mfumu Sejong mu 1443 nalengezedwa mu 1446. Kufikira nthawi imeneyo anthu a ku Korea anali kulemba ndi zizindikiro za Cichaina, zimene zinali zikwi zambiri, kotero kuti olemera okha ndiwo anali ndi nthawi yoziphunzira. Mfumuyo inafuna kuti mlimi nayenso athe kulemba dandaulo lake. Malembawo anali 28, lero atsala 24, ndipo ena a iwo anajambulidwa motsanzira maonekedwe a lilime, mano ndi milomo pamene munthu achula liulo. Munthu wakhama awadziwa onse m'sabata limodzi. Pa 9 Okutobala anthu a ku South Korea sapita kunchito, pokumbukira malemba amenewa.

Koma wodziwa malemba ali ngati munthu amene wagula khasu. Munda ukali thengo. Sukulu ya boma la America imene iphunzitsa akazembe zinenero, yochedwa Foreign Service Institute, iwerengera kuti wolankhula Cingelezi afunika maola 2,200 a m'kalasi kuti agwire nchito m'Cikorea, pamene Ciswahili ndi Cifalansa zifuna maola osafika theka la amenewo. Ciwerengero cimeneci ciyenera kuikidwa pa kalendala. Wophunzira ola limodzi tsiku liri lonse adzatha zaka 6. Wa maola awiri adzatha zaka zitatu. Koma amene atsegula buku pa Ciweru pokha, maola awiri, adzafunika zaka 21, ndipo ngakhale pamenepo sadzafika, pakuti zimene anaphunzira Ciweru catha zidzakhala zitauluka Ciweru cina cisanafike.

Za kuuluka kumeneku zinayesedwa kale. Mu 1885 Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anafalitsa zimene anapeza atadziyesa yekha kwa zaka zingapo poloweza mau opanda tanthauzo. Anaona kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyamba ndi tsiku loyamba, pambuyo pake kumacepa liwiro. Anaonanso kuti kubwereza kogawidwa pa masiku angapo kugwira mutu koposa kubwereza kounjika tsiku limodzi. Akulu anati pang'ono-pang'ono ndi mtolo, ndipo pa nkhani iyi sananame.

Mu 1972 mtolankhani wina wa ku Germany, Sebastian Leitner, anafotokoza njira yogwiritsira nchito nzeru imeneyi, ndipo njirayo sifuna magetsi kapena lamya. Wophunzira adula timapepala, kumaso alemba liu la Cikorea, kumbuyo tanthauzo lake. Ambiri amaifupikitsa ndi zitini zitatu. Mau onse atsopano alowa m'citini coyamba, cimene citsegulidwa tsiku liri lonse. Liu limene wakumbukira lisamukira m'caciwiri, cotsegulidwa patapita masiku awiri kapena atatu, ndipo likakumbukikanso lipita m'cacitatu, ca kamodzi pa sabata. Liu limene laiwalika, ngakhale linafika kale m'citini cotsiriza, libwerera kuciyambi popanda cifundo. Motero nthawi yambiri ithera pa mau obvuta, osati pa amene munthu awadziwa kale, amene aulesi akonda kuwabwereza kuti adzisangalatse. Mapulogiramu a pa lamya amene ophunzira ambiri agwiritsa nchito lero atsata maganizo omwewa. Nchitoyi ipepukako cifukwa mau oposa theka a m'dikishonale ya Cikorea anacokera ku Cichaina ndipo ayenda m'mabanja: wodziwa kuti hak ndi maphunziro sabvutika ndi hakgyo, sukulu, kapena haksaeng, mwana wa sukulu.

Mapepala okha saphunzitsa khutu. Pano wolankhula Cinyanja ali ndi mwai umene Mngelezi alibe. Iye adziwa kuyambira ubwana kuti pala si phala, ndi kuti tenga si thenga. Cikorea naconso cisiyanitsa liu la mpweya ndi lopanda mpweya, koma cionjezapo lacitatu, lochulidwa mokhwimitsa pakhosi. Bul ndi moto, pul ndi udzu, ppul ndi nyanga. Dal ndi mwezi, tal ndi cigoba ca kumaso conga ca gule, ttal ndi mwana wamkazi. Palibe amene anagwira kusiyana kumeneku pa usiku umodzi. Aphunzitsi alangiza kumvera mau a Mkorea weniweni mphindi zocepa tsiku liri lonse ndi kuwabwereza mokweza pomwepo, ngakhale a pakhomo aseke. Maphunziro otere apezeka kwaulere pa intaneti kucokera ku King Sejong Institute, imene inayamba mu 2007 ndipo pofika mu 2023 inali ndi nthambi m'maiko oposa 80.

Khutu liyeneranso kuphunzira kudikira. M'Cikorea mneni adza potsiriza: munthu anena kuti ine mpunga ndidya. Kulamula, kufunsa ndi kuletsa zonse zimveka kumapeto kwa ciganizo. Kapitao akanena kuti nureuseyo ndiye kuti kanikiza, koma akati nureuji maseyo ndiye kuti usakanikize. Wanchito woima pa makina odula zitsulo amene amva ciyambi cokha nafulumira, akhoza kusiya zala pomwepo.

Cimene citenga nthawi yaitali koposa zonse ndi ulemu. Monga momwe mwana wa kwa Gawa Undi kapena kwa Mpezeni sanganene kuti iwe kwa apongozi ake, Mkorea sangalankhule ndi wamkulu monga alankhulira ndi mnzake. Koma iwo apitirira pamenepo, pakuti amasintha ngakhale maina a zinthu. Cakudya ca mwana ndi bap, ca agogo ndi jinji. Nyumba ya mnzako ndi jip, ya munthu wolemekezeka ndi daek. Mwamuna aitana mkulu wake wamwamuna kuti hyeong, mkazi amuitana oppa. Mkulu wamkazi ndi nuna kwa mwamuna, eonni kwa mkazi. Mwini fakitale ndi sajangnim. Ndico cifukwa cake Akorea afulumira kufunsa zaka za munthu amene angokumana naye: si mwano, afuna kudziwa mocitira ulemu. Apereka ndi kulandira cinthu ndi manja awiri, monga acitira kumidzi kuno. Mlendo amene anatola Cikorea cake m'mafilimu, m'mene acinyamata alankhulana mosalemekezana, akhoza kunyoza nkhalamba osadziwa. Cotero ophunzira anzeru ayamba ndi mau otha ndi yo, amene ali aulemu kwa aliyense, ndipo amawagwiritsa nchito tsiku ndi tsiku kufikira pakamwa pazolowera.

Liu lija la bap litanthauza mpunga wophika ndiponso cakudya ciri conse, monga nsima kwa Acewa ndi Angoni. Mkorea akafunsa mnzake ngati wadya bap, nthawi zambiri ndi moni cabe.

Pali cizolowezi cina cacing'ono cimene cithandiza pa mawerengero. Akorea ali ndi mitundu iwiri ya manambala: ao a makolo, hana, dul, set, net, ndi ocokera ku Cichaina, il, i, sam, sa. Izi si zacilendo kwa munthu amene anena kuti mbuzi zitatu m'Cinyanja koma mtengo wake nachula m'Cingelezi. Anthu ndi zinthu ziwerengedwa ndi manambala a makolo, ndalama ndi masiku a mwezi ndi a Cichaina. Pa koloko mitundu yonse iwiri ikumana: ola lichulidwa ndi nambala ya makolo, mphindi ndi ya Cichaina, kotero kuti 3:30 ndi se si samsip bun. Wophunzira amene achula nthawi m'Cikorea pali ponse pamene ayang'ana koloko kapena lamya abwereza manambala onsewo kambiri dzuwa lisanalowe, popanda kusiya khasu kapena kutsegula buku.