Chikwapu n'kulira, si kumenya

Mpunga ukangotulutsa ngala m'chigwa cha Domasi, tulo timachepa m'makomo ambiri. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, m'minda mumakhala phokoso lokhalokha: ena akukuwa, ena akugwedeza zingwe zomangirira zitini, ena akuponya zibuma. Onsewa amakhala akulimbana ndi mbalame.

Mwa zida zakalekale zothandiza pa nkhondo imeneyi pali chikwapu, chomwe abusa a ng'ombe ndi oyendetsa ngolo amachidziwa bwino. Chikalira kuti phwaa! gulu lonse la mpheta limabalalika.

Koma chikwapu chilibe mbale. Wophunzira amatha kudzicheka khutu, kapena kulasa diso la mng'ono wake amene waima pafupi n'kumaonerera. Woyendetsa ngolo wosachidziwa bwino amang'amba nacho msana wa ng'ombe yake yomwe. Gwero la ngozi zimenezi n'lakuti anthu ambiri amaphunzirira chikwapu pa chinthu chamoyo, chonsecho chandamale chophunzirirapo chikhoza kupangidwa pakhomo ndi nsungwi, tayala lakutha ndi thumba la feteleza.

Mpunga ndi adani ake

Mtsinje wa Domasi umachokera m'mapiri a Zomba ndi Malosa, n'kudutsa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde, mpaka kukathira m'nyanja ya Chilwa. Kumunsi kwake, cha kumalire a maboma a Zomba ndi Machinga, kuli sikimu ya mpunga ya Domasi, ya mahekitala pafupifupi 500, yomwe idatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi alangizi ochokera ku Taiwan. Chakummwera kuli sikimu inzake ya Likangala. Mpunga wa m'derali, monga Faya, ndiwo umalipirira ana sukulu ndi kugulira malata m'mabanja ambiri.

Dera lomweli ndi kwawo kwa mbalame. Nyanja ya Chilwa idakhala malo oyamba m'dziko muno kulembedwa pansi pa pangano la Ramsar loteteza madambo, kwakukulukulu kaamba ka kuchuluka kwa mbalame zake. Zambiri mwa mbalame zam'madzi sizivutitsa mlimi. Zovuta ndi timbalame todya njere, tomwe timagona m'mabango n'kulawirira kuminda.

Toopsa kwambiri ndi tomwe akatswiri amatitcha Quelea, timene timayenda m'chigulu ngati dzombe. Akatswiriwa amati kambalame kamodzi kamadya magalamu pafupifupi 10 a njere pa tsiku. Poyamba zimamveka zochepa, koma timbalame 5,000 tikatera m'munda timatha thumba la makilogalamu 50 tsiku limodzi, osawerengera njere zomwe timayoyolera pansi. Nyengo yoopsa imayamba mpunga ukadali mkaka, ndipo imatenga pafupifupi mwezi wathunthu mpaka tsiku lomweta.

Kawirikawiri ntchito yoingitsa mbalame imagwera ana, chonsecho sukulu zimakhala zili mkati. Maphunziro a pulayimale adakhala aulere mu 1994, ndipo lamulo la ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14. Apa ndi pamene luso la chikwapu limapindulira banja. Kulira kwake kumafika patali kuposa mawu a pakamwa, ndipo munthu wamkulu wochidziwa amateteza chigawo chachikulu cha munda popanda kusasa mawu, ana ali m'kalasi.

Chimalira bwanji?

Ambiri amaganiza kuti chikwapu chimalira chifukwa nsonga yake yamenya pansi kapena yadzimenya yokha. Zoona zake n'zakuti chimalira chili m'malere, chosakhudza kanthu.

Chikwapu chabwino chimakhala chonenepa kumpini n'kumka chiwonda mpaka kunsonga. Dzanja likachiponya, pamapangika khota lomwe limathamanga kutsata chingwecho. Pamene chingwe chikuwonda, khotalo limaonjezera liwiro, mpaka kunsonga limaposa liwiro limene phokoso limayendera mumpweya, lomwe ndi mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kapena makilomita 1,200 pa ola. Mpweya umaphulika ngati mmene zimachitikira ndege yankhondo ikapyola liwiro limeneli.

Katswiri wa ku Germany, Otto Lummer, adaganizira zimenezi mu 1905, ndipo mu 2002 Alain Goriely ndi Tyler McMillen a payunivesite ya Arizona ku America adaonetsa ndi masamu mmene khotalo limabweretsera phokoso.

Pamenepa pali mfundo ziwiri zoti kholo lililonse lidziwe. Yoyamba n'njakuti ntchito ya chikwapu imatheka popanda kukhudza mbalame kapena ng'ombe. Yachiwiri n'njakuti kansonga kothamanga chotero kakakhudza diso, disolo likhoza kufa.

Kapangidwe ka chandamale

Zipangizo zake zimapezeka pafupi: nsungwi yokhwima yotalika mamita awiri, ina ya mita imodzi ndi theka, tayala lakutha la galimoto kapena ndowa yobooka, miyala, chingwe cha khonje kapena mphira ya chubu cha njinga, thumba la feteleza, mankhusu a mpunga ochokera kuchigayo, zitsononkho ndi phulusa.

Nsungwi yaitali imaimikidwa pakati pa tayala logoneka pansi, ndipo m'kati mwa tayalalo mumatsindiridwa miyala ndi dothi mpaka nsungwiyo itasiya kugwedera. Kukumba dzenje n'kuizika n'kothekanso, koma ubwino wa tayala kapena ndowa n'ngwakuti chandamale chimasunthika, ndipo chiswe sichifulumira kudya tsinde lake.

Nsungwi yaifupi imapingasa yaitali ija chakumtunda, n'kumangidwa zolimba ndi mphira kapena khonje. Misomali ndi waya sizifunika, chifukwa nsonga ya chikwapu ikakola pa chitsulo imaduka, ndipo msomali wozuka umauluka ngati mwala wa legeni. Timfundo tonse ta nsungwi timasalazidwa ndi mpeni pa chifukwa chomwecho.

Pa nsungwi yopingasayo pamalendewera zitsononkho zinayi kapena zisanu, chilichonse pa kachingwe kake, motalikirana ngati chikhatho chimodzi, zina m'mwamba zina m'munsi. Zitsononkho zimaposa mabotolo chifukwa n'zopepuka ndipo zikasweka sizicheka munthu. Masamba a nthochi ong'ambidwa m'timizere amagwiranso ntchito, ndipo amaonetsa bwino pamene nsonga yadutsa.

Chomaliza ndi thumba. Limadzazidwa mankhusu, kusokedwa kukamwa, n'kumangiriridwa mogoneka pa nsungwi yoimirira, pa msinkhu wa msana wa ng'ombe, womwe ndi cha m'chiuno kapena pachifuwa pa munthu wamkulu. Pamwamba pake pamawazidwa phulusa. Thumba limeneli ndilo ng'ombe ya wophunzira, ndipo lamulo lake n'lakuti lisakhudzidwe. Chikwapu chikalira pamwamba pake phulusa osafuka, wophunzira wakhoza. Phulusa likafuka, ndiye kuti ikadakhala ng'ombe yeniyeni bwenzi ili ndi bala.

Malo ndi kaphunziridwe

Chandamale chimafuna bwalo, kutali ndi khola, nkhuku, mitengo yanthambi zotsika ndi mawaya a magetsi. Wophunzira amaima poti dzanja ndi chikwapu zikatambasuka, nsonga yokha ndiyo ifike pa chitsononkho. Akapeza malowo amajambula pansi mzere wozungulira, wotalika kawiri kuposa chikwapucho mbali zonse, kumbuyo komwe, chifukwa ovulala ambiri amakhala amene aima kumsana kwa woponya. Oonerera onse amakhala kunja kwa mzerewo. Pansi pamaseseredwa kuti nsonga isatole timiyala.

Chipewa chamlomo waukulu, malaya a manja aatali ndi magalasi, ngakhale otsika mtengo a pamsika wa Songani, zimateteza wophunzira masiku oyamba, pamene chikwapu chimakonda kubwerera mwini wake.

Woyamba kumene amayenera chikwapu chachifupi, chosaposa mita imodzi ndi theka, cholukidwa ndi khonje, chokhala ndi kansonga ka ulusi wa thumba komwe kamasinthidwa kakatha. Phunziro loyamba ndi kutukula dzanja pang'onopang'ono, kulola chingwe chonse chitambasukire kumbuyo, kenaka n'kuchitsogoza kutsogolo chodutsa pambali pa thupi, osati pamutu. Mphamvu sizithandiza, wothamangira kukoka ndiye amadzimenya. Kulira kukayamba kumveka kawirikawiri, m'pamene amayamba kulunjika zitsononkho chimodzichimodzi, ndipo thumba laphulusa limabwera pomalizira. Mphindi 15 pa tsiku n'zokwanira, popeza phewa lotopa silimvera ndiponso phokosolo limatopetsa makutu.

Akulu adati kuongola mtengo m'poyamba. Mnyamata amene wazolowera kuliza chikwapu pamwamba pa thumba sadzavutika kuchita chimodzimodzi pa ng'ombe.

Phindu lake kumunda ndi kungolo

Ng'ombe yomenyedwa kawirikawiri imakhala yamantha. Imadzidzimuka, imakoka mokhotakhota, nthawi zina imathyola goli kapena kugwetsera ngolo m'ngalande. Mabala a pamsana amaitana ntchentche, ndipo chikopa chazipsera chimatsika mtengo. Malamulo a dziko lino amaletsanso kuchitira nkhanza ziweto. Ng'ombe yophunzitsidwa bwino imamvera mawu a mwini wake, ndipo kulira kwa chikwapu kumangoikumbutsa.

Kumunda nako chikwapu sichigwira ntchito chokha. Mbalame zimazolowera phokoso lililonse lobwerezabwereza pamalo amodzi, n'chifukwa chake wodziwa amasinthasintha poima, n'kuphatikiza chikwapu ndi zingwe zazitini. Amalimbikira m'mawa ndi chakumadzulo, pamene mbalame zimadya kwambiri. Alimi oyandikana akabzala nthawi imodzi zimathandizanso, chifukwa munda wokhwima wokha, anzake asanakhwime kapena atamwetedwa kale, ndiwo umasanduka phwando la mbalame zonse za m'deralo.

Nthawi yabwino yoimika chandamale ndi pamene mpunga wangowokeredwa kumene. Pofika masiku otulutsa ngala pamakhala patadutsa milungu yokwanira kuti dzanja lizolowere, ndipo wopita kumunda amanyamula chikwapu chomwe wachiyesa kale pa zitsononkho ndi phulusa.