Okwera mithuthuthu pa mseu wa Kafue aphunzire kuisamala okha

Tauni ya Kafue inakula cifukwa ca mafakitale. Pamene fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba nchito mu 1970, ndipo makina a Kafue Textiles anali kuomba nsalu, anthu ambiri anali kupeza nchito pafupi ndi nyumba zao, napita kumeneko pansi kapena pa njinga yakapalasa. Fakitale ya nsalu ija inatsekedwa, ndipo lero pali mabanja ambiri amene amagona ku Kafue koma cakudya cao amacipeza mu Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45. Ena mwa iwo, atatopa ndi kudikira minibasi kuti idzale, agula njinga zamoto, zimene akulu akale amazicha Honda ngakhale zitakhala za Bajaj kapena TVS, pokumbukira zija anali kukwera alangizi a zaulimi.

Munthu amene wagula njinga yotere ayambe ndi lamulo. Bungwe la Road Transport and Safety Agency, lokhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la mu 2002, ndilo limapereka laisensi, ndipo ya mthuthuthu ili ndi gulu lakelake. Njinga iyenera kulembetsedwa, kulipiridwa msonkho wa pamseu ndi kukhala ndi inshuwalansi. Cisoti colimba ndi ca woyendetsa ndi wonyamulidwa yemwe, ndipo lamba wake amangidwe pansi pa cibwano, pakuti cisoti cosamanga cimauluka mutu usanafike pansi.

Mseu wa Kafue si pophunzirira. Ndiwo umene malole akulu opita ku Chirundu ndi ku Livingstone amadutsamo usana ndi usiku, ndipo lole ikamapitirira njinga yaing'ono mphepo yake imakankha woyendetsa ngati dzanja la munthu. Wophunzira ayambe pabwalo lopanda magalimoto, azolowere kilachi ndi magiya kufikira atasiya kuyang'ana pansi posintha. Aphunzirenso kugwira mabuleki onse awiri pamodzi. Ambiri amaopa buleki yakutsogolo poganiza kuti iwagwetsa, namadalira ya kuphazi yokha, koma mphamvu yaikulu yoimitsa njinga ili kutsogoloko. Cimene cimagwetsa munthu ndi kuifinya mwadzidzidzi, makamaka pa mcenga kapena pokhota. Akalowa mu mseu waukulu ayatse nyali ngakhale masana, ndipo akumbukire kuti ngati iye sakuona galasi la lole, woyendetsa loleyo sakumuonanso.

Tsono tiyeni tiwerenge mtunda, cifukwa apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Kupita ku Lusaka ndi kubwerera ndi makilomita 90 pa tsiku. Masiku asanu a nchito ndi makilomita 450. Mabuku a njinga zazing'ono zambiri amalamula kusintha oilo pakatha makilomita 2,000 kapena 3,000, kutanthauza kuti munthu wa ku Kafue amafika pa mlingo umenewu patangotha mwezi umodzi kapena mwezi ndi theka. Mnzake wa kumudzi, amene amangopita ku cigayo ndi ku chalichi, angathe miyezi yambiri asanafikepo. Wotsanzira wa kumudziyo adzapha injini yake caka cisanathe. Injini yaing'ono imasunga oilo wokwana ngati lita imodzi cabe, ndipo oilo yemweyo ndiye amafewetsa magiya ndi kilachi, motero amada msanga. Muyeseni m'mawa injini isanatenthe, njinga itaima cilili pamalo osapendekeka. Njinga ikakhala yatsopano, oilo woyamba amacotsedwa msanga koposa, cifukwa amanyamula tizitsulo tophwanyika pamene ziwalo za injini zikuzolowerana, ndipo m'masiku amenewo musaithamangitse kufikira kumapeto a mphamvu yake.

Cheni ndiye caciwiri. Mukamukankha ndi cala pakati pa magudumu ake awiri a mano, ayenera kusuntha masentimita awiri kapena atatu. Wolendewera amagunda, ndipo angathe kudumpha pa mano ndi kumanga gudumu lakumbuyo muli pa liwiro. Wokungika kwambiri amadya mano ndi kuononga mabeyaring'i. Pomukunga, masulani nati yaikulu ya gudumu, ndi kupotoza timanati ta mbali zonse ziwiri mofanana, poyang'ana mizere yolembedwa pa citsulo, kuti gudumu lisapendekeke. Mudontheze mafuta kamodzi pa sabata, ndiponso nthawi iliyonse mutayenda pa mvula. Girisi wokhuthala wopakidwa pamwamba amagwira fumbi, ndipo fumbilo limapala cheni ngati tupa.

Fumbi lomweli, makamaka kuyambira mu August kufikira mvula itagwa mu November, limatseka sefa ya mpweya. Njinga ikayamba kumwa petulo wambiri ndi kulefuka pa citunda, yang'anani sefayo musanathamangire kwa makaniko. Ya siponji imachapidwa, kuumitsidwa ndi kudonthezedwa oilo pang'ono, koma ya pepala siikhudza madzi, imangosinthidwa. Pulagi nayenso amanena zoona: nsonga yake ikakhala yofiirira ngati khofi wa mkaka injini ili bwino, ikada ndi mwaye ndiye kuti petulo wacuruka kapena mpweya wacepa.

Matayala apimidwe ali ozizira, ndi geji, osati ndi cala kapena ndi phazi monga ambiri amacitira. Mlingo wake umalembedwa m'buku kapena pa njinga pomwepo, ndipo lakumbuyo limafuna mpweya woonjezera mukanyamula munthu kapena thumba la ufa. Tayala losalala lingayende bwino cilimwe conse, koma mvula yoyamba imayandamitsa dizilo ndi oilo zimene malole anadontheza pa phula, ndipo tsiku limenelo mseu umaterera ngati therere.

Sitikunena kuti mwini njinga asanduke makaniko. Kutsegula injini, kukonza mavavu ndi mawaya a magetsi ndi nchito ya amene anaiphunzira, ndipo kuyesa ndi sipanala yobwereka kumadula ndalama zambiri koposa kulipira mmisiri. Koma pansi pa mpando pasasowe sipanala ya pulagi, pulagi wina watsopano, masipanala a 10, 12 ndi 14, sikuludiraiva, zigamba ndi kapampu. Pakati pa Shimabala ndi Chilanga, dzuwa litalowa, munthu wokhala ndi zimenezi amasintha pulagi kapena kumata chubu napitiriza ulendo, pamene wopanda zimenezi amakankha njinga m'mbali mwa mseu malole akumdutsa.