Chagwa kapena chatera? Aneni a Chichewa ndi ulendo wa chombo cha Dragon

Pa 8 Disembala 2010, kampani ya SpaceX inanyamutsa roketi ya Falcon 9 ku Cape Canaveral, m'chigawo cha Florida ku America. Pansonga pa roketiyo panali chombo chotchedwa Dragon, chopanda munthu. Chinazungulira dziko kawiri, ndipo patangopitirira maola atatu chinatsikira panyanja ya Pacific, pafupifupi makilomita 800 kumadzulo kwa gombe la Mexico. Aka kanali koyamba kuti kampani yomwe si ya boma itumize chombo kukazungulira dziko n'kuchibweza chili bwinobwino. Unali ulendo woyesera pansi pa mgwirizano ndi bungwe la NASA, ndipo okonda nkhani za mlengalenga ankautsatira pa intaneti mphindi ndi mphindi.

Tsono tiyerekeze kuti mukufotokozera mnzanu m'Chichewa mphindi yomaliza ija. Ambirife tingathamangire kunena kuti "chombo chagwera m'nyanja". Pa malamulo a chiyankhulo chiganizochi chilibe vuto, koma womva agwira pakamwa poganiza kuti kwachitika ngozi, chonsecho zonse zayenda monga mwa dongosolo. Tikamakambirana za sayansi m'Chichewa timakonda kutha nthawi pa mayina, kuti chakutichakuti tichitche chiyani. Ine ndikuona kuti pa nkhani ngati iyi tanthauzo limasokonekera pa aneni ndi pa timaphatikizo tosonyeza malo.

Mayina savuta kwenikweni

Mawu oti roketi tinabwereka ndipo anakhazikika. Amatenga agwirizanitsi ngati a galimoto: roketi yanyamuka, maroketi anyamuka. Kachipinda kokhala pansonga kaja Angerezi amati capsule, koma kwathu kapisozi ndi mankhwala omeza, ndiye kubwereka pamenepa kungangoseketsa anthu. Mawu oti chombo, omwe timawadziwa pa zoyenda pamadzi, akugwira bwino ntchitoyi.

Kusankha kumeneku kuli ndi phindu lobisika. Roketi ndi chombo zili m'magulu osiyana a mayina, kotero agwirizanitsi okha amatiuza chomwe tikunena. Taonani chiganizo ichi: "Itachisiya, chinapitiriza ulendo." Palibe dzina ngakhale limodzi, koma aliyense wamva kuti roketi ndi imene yasiya, ndipo chombo ndi chimene chapitiriza. M'Chingerezi zonse ziwiri ndi it, ndipo wolemba amayenera kubwereza mayina. Tikangotchula zonse ziwiri kuti chombo, mwayi umenewu tautaya.

Kugwa ndi kutera

Kugwa kumanena za chinthu chimene chataya ulamuliro: mango amagwa, mwana amagwa, khoma limagwa ndi mvula. Kutera ndi kwa mbalame, dzombe ndi ndege, zomwe zimafika pansi mwadala, pamalo osankhidwa. Dragon ilibe mapiko, n'chifukwa chake ena amakayika kuipatsa mneni wa mbalame. Koma onani mmene inatsikira. Timainjini take tinayaka kuti tichepetse liwiro, chishango cha kunsi kwake chinapirira kutentha polowa mumpweya, kenaka kunatambasuka maparachuti awiri ang'onoang'ono, otsatiridwa ndi atatu akuluakulu. Sitepe iliyonse inakonzedweratu, ndipo panyanjapo panali anthu ochidikira. Kumeneko ndi kutera.

Ulendo womwewo ukutipatsanso chitsanzo cha mneni winayo. Gawo loyamba la roketi, lija limatsala likamaliza kukankha, silinapulumuke tsikulo. Limenelo linagwadi. Mu Disembala 2015 ndi pamene gawo loyamba la Falcon 9 linabwerera ku Cape Canaveral n'kuima chilili pamiyendo yake, ndipo kuyambira pamenepo tingathe kunena kuti nalonso latera. Wolemba amene amagwiritsa ntchito kugwa ponseponse amafufuta kusiyana komwe anthu otsatira maulendowa amakhalira maso usiku.

Chodabwitsa n'chakuti kwa wophunzira fizikisi, nthawi imene chombo chimagwa zenizeni ndi pamene chikuzungulira dziko. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 300 mphamvu yokoka ya dziko imakhala ikadali yambiri ndithu. Chombo chimakokeredwa pansi nthawi zonse, koma chimathamangira cham'mbali pa liwiro la makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, moti pamene chikugwa, dziko nalo, poti ndi lobulungira, limakhala likupindika kunsi kwake, ndipo sichiligunda. Choncho kuuluka si mneni woyenera pano, pakuti kuuluka kumafuna mapiko ndi mpweya. Kuzungulira dziko n'kokwanira, ndipo kugwa tikusungire m'kalasi momwe muli mpata wofotokoza.

Pamadzi, m'madzi, kumwamba

Chichewa chili ndi pa-, ku- ndi mu- zosonyeza malo, ndipo pa nkhani iyi phatikizo limodzi likhoza kumiza chombo. Chinthu chili pamadzi chikuyandama. Chili m'madzi chamira, kapena chili pafupi kutero. Asodzi amakhala panyanja, nsomba zimakhala m'nyanja. Dragon imapangidwa kuti iyandame mpaka sitima idzaitenge, ndiye chiganizo choona n'chakuti "chatera panyanja". Mawu a Chingerezi oti splashdown ali ndi phokoso la madzi mkati mwake, ndipo ife phokoso limenelo timalipereka ndi mvekero. Pocheza mukhoza kunena kuti "chatera pamadzi kuti khuvu!" ndipo palibe angadandaule, bola mneni akhale kutera.

Nanga komwe chinachokera tikutche kuti? Kumwamba ndi mawu oyamba kubwera m'mutu, koma ali ndi katundu wa chipembedzo. Pa 30 Meyi 2020 chombo cha Dragon chinanyamula anthu koyamba, a Bob Behnken ndi a Doug Hurley, ndipo anatera panyanja kufupi ndi Pensacola pa 2 Ogasiti. Mutauza agogo kuti "azibambo awiri apita kumwamba", akufunsani kuti mwambo wa maliro uli liti. Mumlengalenga ndi mawu abwinopo, ngakhale nawo amaphatikiza momwe muuluka akabawi ndi ndege ndi komwe kuli mwezi. Akatswiri ambiri amaika malire pa makilomita 100 kuchokera pansi. Pamene kusiyanako kuli kofunika, tingawonjezere kuti "kunja kwa mpweya wa dziko", basi.

Kuphulika ndi kuphulitsa

Misintho ya aneni nayo imanyamula nkhani. Pa 20 Epulo 2023, roketi ina ya kampani yomweyi, Starship, inanyamuka ku Boca Chica m'chigawo cha Texas pa ulendo woyesera, n'kuyamba kugubuduzika, ndipo inathera m'malawi patatha mphindi pafupifupi zinayi. Kodi inaphulika kapena anaiphulitsa? Kuphulika sikutchula wochita, chinthu chimangochitika chokha. Kuphulitsa kumasonyeza kuti pali wochititsa. Maroketi otere amakhala ndi zida zoikidwa dala zowawonongera akasokera, kuti asakagwere anthu, ndipo tsikulo zidazo zinagwiritsidwa ntchito. Mukalemba kuti "inaphulika" simunaname, koma mwabisa mfundo yoti panali dongosolo loteteza anthu.

Chimodzimodzi kuyesa ndi kuyeserera. Ana a sukulu amayeserera sewero tsiku lenileni lisanafike, ndipo munthu amayeserera kudwala pamene ali bwino. Ulendo wa Dragon sunali woyeserera. Roketi inali yeniyeni ndipo chombo chikanatha kupsa polowa mumpweya. Unali ulendo woyesera, woti aone ngati zipangizo zipirire. Kusiyana kwa mawu awiriwa ndi phatikizo limodzi lokha, koma kuliwonjezera kungachititse owerenga kuganiza kuti zonse zinali zachiphamaso.

Pali malo amodzi pomwe kubwereka sikupeweka: kuwerenga chobwerera m'mbuyo roketi isananyamuke. Nambala iliyonse imapatsidwa sekondi imodzi, ndipo "zisanu ndi zinayi" sizingakwane m'sekondi. Apa teni, naini, eyiti, zomwe timagwiritsa kale ntchito pamsika, n'zimene zimagwira.

Kwa anzanga amene mumamasulira nkhani zotere, kaya pa wailesi ya m'dera kaya pa gulu la WhatsApp, nayi njira yophweka yodziyesera. Mukalemba chiganizo, chotsanimo mayina onse achilendo n'kuwerengera munthu amene sanaone kanemayo. Mufunseni mafunso awiri: zayenda bwino kapena ayi, ndipo zachitika mwadala kapena mwangozi? Akayankha molakwika, musathamangire kukasaka dzina latsopano mu mtanthauziramawu. Bwererani kwa mneni ndi kwa pa-, ku- ndi mu-. Nkhani ya 2010 ija ikhoza kukwana m'chiganizo chimodzi chomwe agogo angachimve osafunsa kawiri: roketi inachikweza, itachisiya chinazungulira dziko kawiri, kenaka chinatsika ndi maparachuti n'kutera panyanja, anthu n'kukachitenga.