KUYESA UKONDE WA CIBALE NDI CIBWENZI

Munthu ali yense ali nao anthu amene adziwana nao: abale, apongozi, anansi, anzace a kunchito ndi a kuchalichi. Iwonso ali ndi anzao ena. Tikalemba kadontho pa pepala m'malo mwa munthu ali yense, ndi kujambula mzere pakati pa awiri ali onse odziwana, cithunzi cace cifanana ndi ukonde wa nsomba. Mfundo ndizo anthu, ulusi ndiwo cibale kapena cibwenzi. Tsono tingadziwe bwanji ngati ukonde wa anthu awa ufanana ndi wa anthu ena? Njira ilipo, ndiyo kuwerenga.

Nzeru imeneyi inakulira m'dziko lathu lino. John Barnes, wa bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, anaphunzira miyambo ya Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene lero tikucha Chipata. Atacoka kuno anapita ku Bremnes, ku Norway, kwa anthu a pa cisumbu okhalira usodzi. M'caka ca 1954 analemba kuti mudzi waung'ono usiyana ndi mzinda pa kukula kwa maso a ukonde. Kumudzi masowo ndi aang'ono, pakuti anzako onse adziwana. M'tauni ndi aakulu, pakuti mnzako wa kunchito sadziwa mnansi wako. J. Clyde Mitchell, wa bungwe lomwelo, anasonkhanitsa nchito za anzace m'buku lochedwa Social Networks in Urban Situations m'caka ca 1969.

Muyeso woyamba ndiwo kuthithikana kwa ukonde. Tenga anthu 6. Ngati onse adziwana, mizere ikhala 15. Lamulo lace ndi ili: curukitsa ciwerengero ca anthu ndi ciwerengero comweco cocotsako mmodzi, ndipo ugawe pawiri. Anthu 10 apatsa mizere 45. Ngati pa anzace 6 a munthu wa kumudzi tipeza mizere yonse 15, koma pa anzace 6 a munthu wa ku Matero tipeza 5 yokha, ukonde wa m'tauniwo uli ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a ulusi umene ukanakhalapo.

Koma apa tiyenera kucenjera. Anthu 1,000 sangadziwane onse monga adziwanira anthu 10. Cotero gulu lalikulu lioneka lotayana nthawi zonse, ndipo muyeso uwu unena zoona pokhapokha magulu awiriwo ali olingana kukula.

Muyeso waciwiri ndiwo kuwerenga ulusi umene umanga anthu awiri. Max Gluckman, amene anaweruzitsa maso pa makhoti a Alozi, anaona kuti kumudzi anthu amangana ndi zingwe zambiri nthawi imodzi. Munthu mmodzi yemweyo ndiye malume wako, ndiye nyakwawa, ndiye mnzako polima, ndiponso ndiye nkhoswe ya banja lako. Ukakangana naye pa za mbuzi, zonsezo zigwedezeka, cifukwa cace akulu afulumira kukuyanjanitsani. M'tauni, wokugulitsa makala angokugulitsa makala basi. Mukayambana, ungopita kwa wina.

Muyeso wacitatu ugwira nchito pamene anthu ali omwewo koma maukonde ali awiri. Tiyerekeze kuti pa nchito pena pali mizere 10 ya anthu ocezerana ndi mizere 8 ya anthu obwerekana ndalama, ndipo 6 ipezeka konse kuwiri. Mizere yonse yosiyana ikhala 12, ndipo 6 mwa 12 ndilo theka. Maukonde awiriwo afanana mwa theka. Njira iyi inacokera kwa Paul Jaccard wa ku Switzerland, amene anailinganiza poyerekeza maluwa a m'mapiri osiyana.

Kodi kuwerenga kumeneku kuli ndi phindu? Nkhani ya ku Kabwe, kumene kale kunali kuchedwa Broken Hill, itiyankha. Bruce Kapferer anakhala miyezi yambiri m'nyumba yosokeramo zobvala, nalemba amene anali kuceza ndi yani pakati pa anchito 39, kawiri, patapita miyezi 7 pakati pace. Anthu 39 angakhale ndi mizere 741. Poyamba anapeza mizere ya cibwenzi 158, ndiko kunena 21 pa 100. Kaciwiri anapeza 223, ndiko 30 pa 100. Anchitowo anali kufuna kuti malipiro ao akwezedwe. Atawerenga koyamba, iwo anayesa kunyanyala nchito, koma zinakanika. Atawerenga kaciwiri, ananyanyalanso, ndipo nthawi iyi anapambana. Anthu anali omwewo, koma ukonde wao unali utathithikana. Buku lace linaturuka m'caka ca 1972.

Ku London, Elizabeth Bott anayendera mabanja 20, nafalitsa zimene anapeza m'caka ca 1957. Kumene abale ndi anansi onse anali kudziwana, mwamuna anali ndi nchito zace ndi anzace, mkazinso zace. Kumene ukonde unali wotayana, mwamuna ndi mkazi anali kuthandizana nchito za pakhomo ndi kuceza pamodzi, popeza analibe ena owadalira pafupi.

Tisaganize kuti ukonde wothithikana ndiwo wabwino nthawi zonse. Umasunga munthu, koma umamanganso, pakuti cimene wacita m'mawa cidziwika ndi onse madzulo. Ukonde wa maso aakulu ufika kutali, ndipo mbiri ya nchito imene yapezeka ku Ndola kapena ku Kitwe kawiri-kawiri idzera mwa mnzako amene adziwana ndi anthu ena osati ako.

Anthu a m'matauni anadziwa zimenezi asanabwere ophunzira. Mngoni akafera ku migodi kutali ndi abale, Abemba, amene makolo ao anali kumenyana ndi Angoni, ndiwo agwira nchito za pamaliro cifukwa ca cimbuya. Umenewo ndi ulusi watsopano wosokerera pamene ukonde unang'ambika. Wowerenga angayese yekha: alembe maina a anthu 10 amene angabwere kwa iye tsiku la tsoka, awerenge kuti pa mizere 45 ija ilipo ingati, ndipo acitenso comweco ndi anzao a atate wace kumudzi.