Kalaliki Anali Wansembe, Nduna Inali Wantchito: Mbiri ya Mawu a Chingerezi a mu Ofesi

Munthu amene wagwira ntchito ya Boma zaka khumi amakhala atalemba mawu akuti "clerk," "file," "budget" ndi "minister" nthawi zosawerengeka, ndipo mphunzitsi wokonzekeretsa ana mayeso amawalemba pa bolodi chaka ndi chaka. Koma ndi owerengeka amene anayamba afunsapo kumene mawuwa anachokera. Funsoli si lachibwana. Mawu ambiri a mu ofesi lero sanena zimene ankanena poyamba, ndipo ena anatembenukiratu, kotero kuti Mngerezi wa zaka 700 zapitazo, atauka lero ndi kumva kuti mwana wake walembedwa ukalaliki, akhoza kuyamba kumufunira mkanjo wa ku tchalitchi.

Pakuti "clerk" poyamba anali munthu wa mpingo. Liwuli linachokera ku liwu la Chilatini lakuti "clericus," ndiye wansembe kapena wina aliyense wopatulidwira ntchito ya tchalitchi. Masiku amenewo ku England odziwa kuwerenga ndi kulemba anali ochepa, ndipo ochuluka mwa iwo anali a mpingo. Mfumu ikafuna kulemba kalata kapena kusunga chiwerengero cha msonkho inkaitana wansembe. Pang'ono ndi pang'ono dzinali linachoka pa unsembe ndi kukakhala pa cholembera. "Clerk" anasanduka munthu wophunzira, pambuyo pake wosunga mabuku, ndipo ku America lero ngakhale wogulitsa m'sitolo amatchedwa ndi dzina lomwelo.

Unsembe ndi kuwerenga zinamangana kolimba mpaka zinalowa m'malamulo. Munthu woimbidwa mlandu woyenera imfa akaonetsa kuti akhoza kuwerenga, bwalo linkamuyesa wa mpingo, ndipo pa milandu yambiri ankapulumuka chingwe. Mayeso ake kawirikawiri anali ndime yoyamba ya Salimo 51, ndipo mbala zina zosadziwa ngakhale chilembo chimodzi zinkangoiloweza pamtima. Mwayi umenewu unathetsedwa mu 1827. Liwu la Chichewa lakuti kalaliki linatsata katchulidwe ka Angerezi eni ake, amene amalemba "e" koma amatchula "a," monga m'dzina lija la Clark, limene nalonso linachokera pomwepo.

Chifukwa chimene mawu ambiri a boma ndi a milandu m'Chingerezi ali ochokera ku Chifalansa ndi ku Chilatini chikupezeka m'chaka cha 1066, pamene William wa ku Normandy anagonjetsa Angerezi pa nkhondo ya ku Hastings. Kuyambira pamenepo, kwa zaka pafupifupi 300, akuluakulu a dziko ankalankhula Chifalansa, alembi ankalemba Chilatini, ndipo Chingerezi chinatsalira anthu wamba. Mawu monga "court," "judge" ndi "government" analowa pa khomo limenelo. Nalonso liwu lakuti "parliament" linachokera ku "parler," ndiko kulankhula. Mu 1362 panatuluka lamulo lakuti milandu izikambidwa m'Chingerezi chifukwa anthu sankamva zonenedwa pa milandu yawo yomwe, koma lamulo limenelo analilemba m'Chifalansa.

Wamng'ono ndi Wamkulu

Palibe liwu limene lakwera kwambiri kuposa "minister." M'Chilatini "minister" ndi wantchito, wotumikira, ndipo muzu wake ndi "minus," kunena chochepa. Mnzake ndi "magister," wochokera ku "magis," kunena chochuluka, ndipo iyeyu ndiye kholo la "master" ndi "mister." Tsono m'zaka mazana zapitazi awiriwa anasinthana mipando. Wamng'ono uja ndiye akuyendetsa unduna, pamene wamkulu uja watsikira pa envelopu ya mwamuna aliyense. Njira yake ndi yosavuta kuitsata: nduna inali wantchito wa mfumu, ndipo pamene mphamvu zinayamba kuchoka m'manja mwa mfumu kupita kwa antchito akewo, dzina linakwera pamodzi ndi eni ake.

Ngakhale mawu akuti "prime minister" sanayambe ngati ulemu. Anali chitonzo, chonenera nduna imene yadzikweza pamwamba pa anzake. Adani a Robert Walpole, amene anatsogolera boma la Britain kuyambira 1721 kufikira 1742, ankamuponyera dzinalo, ndipo mu 1741 iye analikana poyera m'nyumba ya malamulo. Lero mabuku amamutcha woyamba kukhala pa udindo umenewo. Dzinali linadzalandira malo ake pa mndandanda wa maulemu a dziko mu 1905.

Ogwira ntchito ya Boma nawo dzina lawo lakuti "civil servant" silinabadwire m'Boma ayi. Linayambira m'kampani ya malonda ya East India Company, imene inkasiyanitsa antchito ake a m'maofesi ndi antchito ake a nkhondo. "Secretary" anali wosunga zinsinsi za mbuye wake, ndipo liwuli linaphuka nthambi ziwiri, ina yokwera kufikira kwa mlembi wamkulu wa unduna, ina ya wotayipa makalata.

Nsalu, Thumba ndi Ulusi

Mawu a za chuma ndiwo ali ndi chiyambi chodzichepetsa koposa. Nduna ya zachuma ku Britain imatchedwa "Chancellor of the Exchequer," dzina lolemera m'kamwa. Koma "cancellarius" wa Aroma anali mlonda woima pa mpanda wa timitengo topingasa wotchinga bwalo la milandu. Mpanda womwewo ndiwo unabala liwu lakuti "cancel," chifukwa mlembi pofafaniza mawu ankajambula mizere yopingasa yofanana nawo. Ndipo "exchequer" inali nsalu chabe, yojambulidwa mabokosi ngati thabwa la masewera a tchesi, imene inkayalidwa pa tebulo. Akuluakulu a zigawo akabwera ndi msonkho wa mfumu, alembi ankawerengera ndalamazo poika ndi kusuntha timiyala m'mabokosiwo, monga achitira anthu pa bawo. Kachitidwe kameneka kanalongosoledwa m'buku la Richard FitzNeal, msungichuma wa Mfumu Henry II, cha m'ma 1170.

Lisiti la masiku amenewo linali kamtengo. Ankakasema mipata yosonyeza ndalama zoperekedwa, ndi kukang'amba pakati m'litali, mbali ina kwa wopereka, ina kwa Boma, kuti pakabuka mkangano aziphatikize ndi kuona ngati mipata ikugwirizana. Chodabwitsa ndi chakuti Boma la Britain silinaleke timitengo timeneti kufikira 1826. Pa 16 October 1834 antchito anauzidwa kutentha milu ya timitengo takale m'ng'anjo za pansi pa nyumba ya House of Lords. Anasonkheza mopitirira, moto unagwira nyumba, ndipo usiku umenewo mbali yaikulu ya nyumba za malamulo za ku Westminster inapsa. Nyumba zimene zimaoneka pa zithunzi lero zinamangidwa pambuyo pa moto wa malisiti umenewo.

"Budget" ndi kathumba kachikopa, "bougette" m'Chifalansa chakale. Mu 1733 adani a Walpole yemwe uja anafalitsa kabuku komuseka ngati sing'anga wonyenga amene akutsegula thumba lake la mankhwala, ndipo m'kupita kwa nthawi dzina la thumba linasamukira pa zimene zili m'katimo. "Bureau" inali nsalu yokhakhala yoyala pa tebulo lolembera, kenaka tebulolo, kenaka chipinda chonse. "File" ndi ulusi, "filum" m'Chilatini, umene ankatungira mapepala kuti asabalalike; kalaliki amene amamanga fayilo ndi kachingwe sali kutali ndi makolo ake.

Za "pension" pali nkhani imene oyembekeza kupuma pa ntchito angaikonde. Samuel Johnson, m'dikishonale yake yotchuka ya 1755, analongosola liwuli monyoza, ngati malipiro a munthu wogulidwa ndi olamulira. Mu 1762 Boma linampatsa iye mwini penshoni ya mapaundi 300 pa chaka, ndipo anailandira.

Pano mphunzitsi ayenera kusamala. Kudziwa kumene liwu linachokera kumathandiza mwana kulikumbukira ndi kulilemba bwino, koma chiyambi cha liwu sindicho chimalamula tanthauzo lake la lero. Alipo ena okonda kunena kuti tanthauzo loyamba ndilo lenileni, ndi kuti enawo ndi kulakwa kwa anthu osaphunzira. Maganizo amenewa saima. "School" inachokera ku liwu la Chigiriki lonena nthawi yopuma, pakuti okhawo opanda ntchito ya manja ndiwo anali ndi mpata wokambirana za nzeru, koma palibe mwana wa sukulu amene angavomere kuti amapita kukapuma. "Nice" poyamba linkanena munthu wopusa. Wolemba kalata ya ku ofesi kapena woyankha mayeso amaweruzidwa ndi tanthauzo limene owerenga ake akulidziwa lero.

Nthano Zokoma Zopanda Umboni

Choopsa china ndi nthano. Mbiri ya mawu imakoka nkhani zopeka monga uchi ukokera nyerere, ndipo nkhani yokoma ikangolowa m'kalasi imayenda mibadwo. Ambiri anaphunzitsidwa kuti "salary" inayamba chifukwa asilikali a Aroma ankalipidwa mchere. Zoona zake ndi zakuti liwu la Chilatini lakuti "salarium" ndi lapachibale ndi "sal," mchere, koma palibe buku la Aroma eni ake limene limanena kuti msilikali ankalandira mchere m'malo mwa ndalama. Mbali imeneyo anaonjeza ndi anthu a m'mbuyo muno.

Njira yosiyanitsira mbiri ndi nthano anaikhazikitsa ndi amene anakonza Oxford English Dictionary. Ganizo lake linabadwa mu 1857, James Murray anatenga utsogoleri mu 1879, gawo loyamba linatuluka mu 1884, ndipo ntchito yonse inatha mu 1928, Murray atamwalira kale mu 1915. Anthu odzipereka a m'maiko ambiri ankawerenga mabuku akale ndi kutumiza timapepala, kalikonse kokhala ndi liwu limodzi, chiganizo chimene lapezekamo, dzina la buku ndi chaka chake. Timapepalato tikaikidwa mu ndondomeko ya zaka, ulendo wa liwu unkaoneka wokha. Funso lawo linali la ku bwalo la milandu: kodi mboni yoyamba ndani, ndipo inalankhula chaka chiti?

Funso lomwelo likugwetsa nthano imene yafala kwambiri m'maofesi ndi m'masukulu a m'Malawi ndi m'Zambia, yakuti liwu lakuti boma ndi zilembo zoyamba za mawu a Chingerezi akuti "British Overseas Military Administration." Nthanoyi imamveka yanzeru, koma zaka zikuikana. Henry Morton Stanley analemba kale liwuli m'mabuku a maulendo ake a m'ma 1870, pamene ulamuliro wa Britain m'dziko limene linadzatchedwa Nyasaland unayamba mu 1891. Ndiponso chizolowezi chopanga mawu ndi zilembo zoyamba chinafala m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1900, monga "radar" wa 1940.

Boma ndi liwu la Chiswahili, ndipo tanthauzo lake ndi linga, mpanda wa mitengo kapena wa minga wotchinjiriza anthu ndi ziweto. Angerezi ndiwo anabwereka. Popeza maofesi oyamba a atsamunda ankamangidwa m'kati mwa malinga otere, dzina la mpanda linagwera pa ofesi, kuchoka pa ofesi linagwera pa tauni ya Bwana Disi, ndipo potsiriza linakwera kufikira pa ulamuliro wonse wa dziko, monga inachitira nsalu ija ya ku "exchequer." M'Chingerezi liwuli silinakwere chotero. Kumeneko "boma" akadali khola la ng'ombe, kapena mpanda wosungiramo nyama za m'tchire zisanasamutsidwe.