Yowala Koposa, Yopepuka Koposa, Yonama Koposa: Nyali za Opalasa Njinga Usiku M'mapiri

Mwezi wa Januwale ukafika, m'nkhalango ya Contin kumpoto kwa Scotland mumadzaza anthu opalasa njinga kwa maola 24, kuzungulirazungulira njira imodzi yamiyala, matope ndi madzi oundana. Mpikisanowu dzina lake ndi Strathpuffer, ndipo chimene umatchuka nacho ndi mdima. Pa maola 24 amenewo, pafupifupi 17 dzuwa silioneka. Kuno kwathu, ngakhale usiku wautali wa mu Juni sufika maola 14. Munthu wopita ku Strathpuffer akhoza kukhala ndi miyendo yamphamvu ndi njinga yodula, koma nyali ikamuthera pa ola lachisanu, mpikisano wake wathera pomwepo. Ndiye pofufuza nyali yoposa zinzake, ndi bwino kumakumbukira maola 17 amenewa, chifukwa opanga nyali amakonda kutionetsa nambala ina.

Nambala imeneyo ndi ya malumeni, muyeso wa kuwala konse kotuluka m'nyali. Pa nyali za njinga zodziwika, imene imadzitama ndi nambala yaikulu zedi ndi Monteer 12000 ya kampani ya ku China yotchedwa Magicshine, ya malumeni 12,000. Babu limodzi la halojeni la mtundu wa H7, lomwe lili m'magalimoto ambiri, limatulutsa malumeni pafupifupi 1,500, kutanthauza kuti pa handulo ya njinga pakhala mababu asanu ndi atatu a galimoto. Kampani ya Lupine ya ku Germany ili ndi yake yotchedwa Alpha, imene inatuluka ndi malumeni 7,200 ndipo mitundu yotsatira inapitirira 8,000. Pa mtengo ndiye palibe yoipikisa kwenikweni, chifukwa imapitirira mayuro 1,000, ndalama yoti munthu n'kugula njinga yonse yabwinobwino. Ziwirizi batire lake limamangiriridwa padera pa fulemu. Pa zimene batire lili m'kati momwemo, zopanda waya, Six Pack ya Exposure ya ku England ili m'gulu la zowala kwambiri, ndi malumeni oposa 5,000. Nyali za Exposure zina zimamva kugwedezeka kwa njinga, n'kuwonjezera kuwala potsetsereka ndi kuchepetsa pokwera mtunda.

Koma malumeni ochulukawa sakhalitsa. Nyali ya LED ikamayaka mwamphamvu imatentha, ndipo chimene chimaiziziritsa ndi mphepo ya liwiro. Pokwera phiri pang'onopang'ono mphepo palibe, choncho nyali imadzichepetsera yokha kuwala kuti isapse. Ndipo muyeso wa FL1, umene makampani ambiri akhala akuutsatira kuyambira 2009, umalola kuyeza malumeni nyali itangoyaka kwa masekondi 30 mpaka mphindi ziwiri, isanatenthe n'komwe. Pa nthawi imene batire limakhala, muyesowu umawerenga mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi. Nyali yolembedwa kuti imayaka maola atatu ikhoza kukhala kuti ola lomalizalo ikungophethira ngati koloboyi, koma wogulitsa sananame malinga ndi muyesowo.

Onama enieni aliko, ndipo mphoto ya bodza lalikulu amaitenga opanda wowatsutsa. Ndi nyali ndi matochi otchipa opanda dzina la kampani, amene amadzaza pa intaneti ndi m'misika, atalembedwa malumeni masauzande ambirimbiri. Ambiri mwa iwo ali ndi ka LED kamodzi ka mtundu wa Cree XM-L, kapena kongofanizira, kamene pa mphamvu yake yonse kamangofika cha m'ma 1,000. Mabatire ake nawonso ndi chimodzimodzi. Batire la mtundu wa 18650, lotambalala mamilimita 18 ndi kutalika 65, labwino kwambiri limasunga pafupifupi 3,500 mAh. Mukaona lalembedwa 9,900, lisiyeni pa shelefu pomwepo. Vuto si kuwala kochepa kokha. Batire la lifiyamu lopanda chotetezera likhoza kuyaka moto likamatchajidwa.

Yopepuka koposa ndi nkhani ya khosi. Kuwonjezera pa ya pa handulo, nyali yachiwiri imakhala pa helemeti, ndipo magalamu 200 pamutu, pa njira yamabampu kwa maola angapo, amamveka ndithu. Piko ya Lupine, mutu wake wokha umalemera magalamu pafupifupi 60 koma umatulutsa malumeni cha m'ma 2,000, batire likumakhala kumbuyo kwa helemeti kapena m'chikwama. Apa ndi pamene pali nzeru yonse ya kupalasa usiku, ndipo sionekera pa bokosi lililonse. Nyali ya pa handulo ili m'munsi mwa maso, motero muzu uliwonse ndi mwala uliwonse umaponya chithunzithunzi kumbuyo kwake, ndipo chithunzithunzicho ndi chimene chimakuuza kuti apa patukuka, apa pakumbika. Nyali ya pamutu ili pafupi ndi maso, zithunzithunzi zake zimabisala kuseri kwa zinthuzo, njira n'kumaoneka yosalala pamene ili yokumbikakumbika. Komabe handulo imaloza kumene gudumu laloza, osati kumene iwe ukufuna kupita. Pa kona yakuthwa, nyali ya pa handulo imaunika tchire, ndipo ya pamutu yokha ndi imene imasuzumira kutsogolo kwa konayo. Ndiye ya pa handulo ikhale yotambalala ndi yamphamvu, ya pamutu yolunjika koma yocheperapo mphamvu, kuti isafufute zithunzithunzi zija. Kwa ine, malumeni enieni 1,500 mpaka 2,000 pa handulo ndi pafupifupi 1,000 pamutu amaposa nyali imodzi ya 12,000, komanso imodzi ikafa ina imakufikitsa kunyumba. Kampani ya ku America ya Outbound Lighting inakhazikika pa mfundo yomweyi, yoti mmene kuwala kwayalidwira pansi n'kofunika kuposa kuchuluka kwake.

Yokhalitsa koposa ilibe batire loti lithe. Mpikisano wa Tour Divide umayambira ku Banff m'dziko la Canada n'kukathera ku Antelope Wells, pa malire a America ndi Mexico, mtunda wa makilomita pafupifupi 4,400 m'mapiri a Rocky, wopanda galimoto yokutsatira. Mu 2016 Mike Hall wa ku Britain anamaliza m'masiku 13, maola 22 ndi mphindi 51, ndipo mu 2023 Lachlan Morton wa ku Australia, akupalasa payekha kunja kwa mpikisano, anadutsa njirayo m'masiku 12 ndi maola 12. Liwiro lotere limatheka pogona pang'ono ndi kupalasa usiku wambiri, kumalo kumene soketi yotchajira ili kutali. N'chifukwa chake ambiri pa mipikisano yotere amadalira dayinamo ya m'habu ya gudumu lakutsogolo, monga SON yopangidwa ku Tübingen. Si dayinamo yakale ija yokhukhuza m'mbali mwa tayala. Imapereka mavoliti 6 ndi mawati 3 okha, koma imapereka bola gudumu likuzungulira. Kufooka kwake ndi pa chitunda, poti liwiro likatsika kuwala kumatsikanso, ndiye ka nyali ka batire pa helemeti sikasowa.

Kozizira koposa ndi ku Alaska, pa mpikisano wa Iditarod Trail Invitational, kumene opalasa njinga zamatayala aakulu amayenda makilomita pafupifupi 560 pa chipale chofewa, ena mpaka 1,600 kukafika ku Nome. Kuzizira kumatha kufika madigiri 40 pansi pa ziro, ndipo batire la lifiyamu limafooka msanga, choncho amalibisa m'kati mwa zovala kuti lizifunda ndi thupi.

Ku South Africa kuli mpikisano wa Trans Baviaans, makilomita 230 kuchokera ku Willowmore kukafika ku Jeffreys Bay m'maola osapitirira 24, kudutsa m'chigwa cha Baviaanskloof. Ambiri amamaliza kutada, atawoloka mitsinje kangapo. Kumeneko zilembo zazing'ono za IP67 zolembedwa pa nyali zimakhala ndi tanthauzo: nyaliyo fumbi silowa, ndipo imapirira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Fumbi lili ndi vuto linanso. Ukakhala kumbuyo kwa anzako, kuwala kwa pamutu kumagunda fumbilo n'kubwerera m'maso, monga zimachitikiranso m'chifunga. Opalasa ambiri amati kuwala kofiirirako, kwa 4,000 mpaka 5,000 K pa muyeso wa mtundu wa kuwala, sikutopetsa maso ngati kuja koyera mobiriwira kwa 6,500 K. Pa fumbi lambiri, kuchepetsa ya pamutu n'kumene kumathandiza.

Akale pa masewerawa anavutika. Kampani ya NiteRider inayamba ku San Diego mu 1989, ndipo woyambitsa wake, Tom Carroll, poyamba ankafuna nyali yoti aziseweretsa pa mafunde a nyanja usiku. Mu 1992 Laird Knight anayambitsa 24 Hours of Canaan ku West Virginia, mpikisano umene unatsegula njira ya mipikisano ya maola 24 ya njinga za m'mapiri. Nyali za nthawiyo zinali za halojeni, batire lake lolemera likukhala pamalo a botolo la madzi. Halojeni imapereka malumeni pafupifupi 20 pa wati imodzi, pamene LED yamakono imapitirira 100. Chinasintha zonse ndi LED yabuluu, imene LED yoyera imachokerako, ndipo akatswiri atatu amene anaitulukira, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014.

Yaulemu koposa ndi ya ku Germany. Malamulo awo a pamsewu, otchedwa StVZO, amafuna kuti nyali ya njinga idule kuwala kwake m'mwamba ngati mmene imachitira ya galimoto, kuti isathobwe m'maso obwera kutsogolo. Pamsewu zimenezi n'zabwino kwambiri, ndipo amene anakumanapo ndi nyali ya malumeni 5,000 maso ndi maso akhoza kuvomereza. M'nkhalango, kudula komweko kumabisa nthambi zolendewera pa msinkhu wa mutu. Pa chifukwa chimenechi Lupine ndi makampani ena ayamba kupanga nyali zokhala ndi batani pa handulo, losinthira pakati pa kuwala kotsika kwa pamsewu ndi kokwera kwa m'tchire.