Mapuloteni Amene Amaweruza Moyo ndi Imfa ya Maselo a T

M'nkhani ino tifuna kufotokoza mfundo imodzi: selo la T silikhala moyo palokha. Limakhala moyo malinga likulandira uthenga wochokera ku mapuloteni ena, ndipo uthengawo ukaleka, selolo limadzipha.

Maselo a T ndi gulu lina la maselo oyera a m'magazi amene amateteza thupi ku matenda. Chilembo cha T chikuimira thymus, kachiwalo kamene kali m'chifuwa patsogolo pa mtima. Ntchito ya kachiwaloka inadziwika mu 1961, pamene Jacques Miller, ali ku London, anakachotsa mu mbewa zongobadwa kumene naona kuti chitetezo chawo chafooka.

Maselowa amachokera m'mafuta a m'mafupa, koma amakakhwimira mu thymus. Kumeneko, choyamba, puloteni ya Notch1 ndiyo imalamula kuti selo lanthete likhale la T osati la mtundu wina. Chachiwiri, interleukin-7, imene inapezeka mu 1988, imalisunga ndi moyo. Dzina lakuti interleukin linapekedwa mu 1979 ndipo limatanthauza uthenga woyenda pakati pa maselo oyera. Uthengawo ukafika, selo limachulukitsa puloteni ya Bcl-2 imene imatsekereza imfa. Ukapanda kufika, puloteni ina yotchedwa Bim imapambana, selo nkufa.

Chachitatu, selo lililonse limayesedwa. Limene silitha kuzindikira zizindikiro za thupi limafa chifukwa chosowa uthenga, ndipo limene limalusira thupi lenilenilo limaphedwa kudzera mwa Bim. Motero mwa maselo 100 alionse, oposa 90 amathera mu thymus momwemo. Ena mwa olusawo amapulumuka nasanduka oletsa anzawo, ndipo ntchitoyi imatsogozedwa ndi puloteni ya Foxp3. Mary Brunkow, Fred Ramsdell ndi Shimon Sakaguchi analandira mphoto ya Nobel mu 2025 chifukwa cha kafukufuku wa maselo oletsawa.

Kufunika kwa zonsezi kumaoneka bwino zinthu zikalakwika. David Vetter anabadwira ku Houston mu 1971 wopanda maselo a T ogwira ntchito, ndipo anakulira m'chipinda cha pulasitiki chotchinga tizilombo kufikira chakumapeto kwa moyo wake mu 1984. Mu 1993 akatswiri anapeza kuti nthenda yakeyo imadza chifukwa cha chilema cha puloteni imene selo limalandirira uthenga wa interleukin-7 ndi anzake. Kumbali ina, Notch1 ikamagwira ntchito mosalekeza imabweretsa khansa ya m'magazi: mu 2004 kunapezeka kuti oposa theka la odwala khansa yofulumira ya maselo anthete a T ali ndi Notch1 yosokonekera.

Tsono tikuona kuti uthenga ukachepa, munthu amasowa chitetezo. Ukapitirira muyeso, maselo omuteteza aja ndiwo amamudwalitsa.